Fani Yamagetsi ya pa Rediyeta: Kusankha ndi Kumanga Mukasintha Injini ya Galimoto

Pa Manjawira, m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Chingeni ndi Phalula, galimoto ya pabanja siyoyendera Lamlungu lokha. Ndi imene imanyamula matumba a chimanga ndi nandolo, kuthamangitsira wodwala kuchipatala ku Balaka kapena ku Ntcheu boma, ndipo kwa ena ndi imene imalipirira ana sukulu. Injini ikafa, mabanja ambiri sagula galimoto ina. Amafunafuna injini yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan, ku Dubai kapena ku South Africa, n'kuipatsa makaniko kuti aiike m'galimoto yakale ija. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya injini zoterezi inakwera kwambiri, moti banja likagula imodzi, silingakwanitsenso kugula yachiwiri ikapsa.

Kutentha ndi kumene kumapha injini zambiri zongoikidwa kumene. Kuno n'kuchigwa, ndipo dzuwa la October ndi November silichitira chifundo injini yopanda mphepo yokwanira. Kabuku kano kakufotokozerani za fani yamagetsi yoziziritsa rediyeta: nthawi imene imafunika, mmene mungasankhire, ndi mmene iyenera kumangidwira. Simukuyenera kukhala makaniko kuti mumve zimenezi. Mwini galimoto akadziwa zoyenera kufunsa, ntchito ya ku galaja imatuluka yabwino.

Chifukwa chake fani yakale imakana injini yatsopano

Galimoto zambiri zokoka ndi matayala akumbuyo, monga Toyota Hilux, Toyota Hiace, Nissan Vanette ndi Mazda Bongo, zimakhala ndi fani yomangidwa pa pampu ya madzi, yozunguliridwa ndi lamba. Fakitale inayeza zonse: fani ili pakati penipeni pa rediyeta, ndipo yazingidwa ndi chikuto chapulasitiki chimene amakaniko amati cowling. Mukachotsa injini ya petulo ya 2RZ n'kuikamo ya dizilo ya 3L kapena 5L, kapena mukaika injini ya kampani ina, muyeso uja umasokonekera. Fani imatha kukhala pamwamba kapena pambali kwambiri, kukhudza chikuto, kapena kutalikirana ndi rediyeta. Nthawi zina injini yatsopanoyo ndi yaitali, ndipo malo a fani satsala n'komwe. Palinso injini zimene zinachokera m'galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo, monga 5A-FE ya Corolla kapena 1NZ-FE ya Probox ndi Sienta. Zimenezi zinapangidwa kuti ziziyenda ndi fani yamagetsi basi, ndipo pampu yake ya madzi sinapangidwe kuti inyamule fani.

Apa tikuchenjezeni msanga. Ngati fani ya lamba ikukwana bwino pa injini yatsopano, ili pakati pa rediyeta, ndipo chikuto chake chilipo, isiyeni. Fani ya lamba ya injini ya dizilo imakoka mphepo yambiri kuposa mafani otchipa amagetsi amene amagulitsidwa m'mashopu. Izi n'zofunika kwambiri pa minibasi zimene injini yake ili pansi pa mipando, chifukwa mphepo ya mumsewu sifika mosavuta pa rediyeta. Fani yamagetsi ndi ya pamene ya lamba yalephera kukwana, osati yokometsera galimoto.

Musanatulutse ndalama, dziwani kumene vuto lili

Fani imagwira ntchito yake yaikulu galimoto ikaima kapena ikamayenda pang'onopang'ono. Mukadutsa liwiro la makilomita 50 kapena 60 pa ola, mphepo imene ikuwomba kutsogolo imakwanira yokha. Choncho yang'anitsitsani nthawi imene geji ya kutentha imakwera.

Ikamakwera muli pamzere pa toll gate ya Chingeni, imene inatsegulidwa mu November 2021, kapena pa roadblock ya Zalewa, pamzere wa mafuta, kapena minibasi ikudikira kuti idzaze injini ikulira, koma n'kutsika mukangoyamba kuthamanga, ndiye kuti vuto ndi mphepo. Fani yabwino idzalithetsa.

Koma ikamakwera mukuthamanga pamsewu wabwino, kapena mukukwera zitunda za ku Ntcheu boma kupita ku Lizulu ndi Dedza mutasenza katundu, fani si mankhwala ake. Mwina rediyeta ndi yaing'ono poyerekeza ndi injini yatsopanoyo, mwina yatsekeka m'kati ndi dzimbiri, mwina pampu ya madzi yatha mapiko, mwinanso gasiketi ya hedi inabwera yopsa kale. Injini yaikulu imatulutsa kutentha kochuluka, ndipo rediyeta ya injini ya 1.5 singanyamule kutentha kwa injini ya dizilo ya 2.8 kapena 3.0 ngakhale mutaikapo mafani awiri. Anthu ambiri ataya ndalama pogula fani pamene chimene chimafunika chinali rediyeta yokhuthala.

Chinthu china chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi kachipangizo kokulungira mu injini kamene kamatumiza uthenga wa kutentha ku geji. Geji ya galimoto yanu inapangidwa kuti izimvana ndi kachipangizo ka injini yakale. Mukasiya kamene kabwera ndi injini yatsopano, geji ikhoza kumanama, kusonyeza kuti zonse zili bwino pamene madzi akuwira, kapena kukuopsezani pachabe. Uzani makaniko kuti asamutse kachipangizo kakale n'kukaika pa injini yatsopano ngati mazinga ake akugwirizana, ndipo ngati sakugwirizana, aike geji yapadera yosonyeza madigiri.

Kuyeza malo

Tengani tepi yoyezera, injini itazizira. Yezani mbali ya pakati ya rediyeta, yooneka ngati zisa za njuchi, mulitali ndi mulifupi, osaphatikizapo matanki a m'mbali kapena a pamwamba ndi pansi. Kenaka yezani mpata wochokera pa zisazo kufika pa chitsulo cha injini chimene chayandikira kwambiri, kaya ndi pule, kaya ndi bawuti ya pampu ya madzi. Lembani manambala atatuwa papepala n'kupita nawo kogula.

Fani ikamangidwa, payenera kutsala mpata wosachepera masentimita 2 pakati pa mota ya fani ndi injini. Injini imakhala pa mphira, ndipo imagwedezeka mukamanyamuka, mukamanga mabuleki mwadzidzidzi, kapena mukamadutsa m'misewu yafumbi yokumbika yolowera kumidzi. Mpata umene ukuoneka wokwanira galimoto itaima ukhoza kutha pa bampu imodzi, pule n'kuswa fani, fani n'kuboola rediyeta.

Mafani ogulitsa amayezedwa m'mainchi. Ya mainchi 12 ndi pafupifupi masentimita 30, ya 14 ndi pafupifupi 36, ya 16 ndi pafupifupi 41. Sankhani yaikulu kwambiri imene ingakwane pa zisa popanda kutulukira kunja. Ngati rediyeta ndi yaitali m'mbali koma yaifupi msinkhu, mafani awiri a mainchi 10 kapena 11 oyandikana amaphimba malo ambiri kuposa imodzi yaikulu. Awiri amathandizanso pamene pule ya injini yayang'anizana ndi pakati pa rediyeta, chifukwa ma mota awo amakhala uku ndi uku, pule n'kulowa pakati.

Yokoka kapena yokankha

Fani ikhoza kukhala kumbuyo kwa rediyeta, mbali ya injini, n'kumakoka mphepo. Ikhozanso kukhala kutsogolo, kuseri kwa bampala, n'kumakankha mphepo. Yokoka ndiyo yabwino. Siitchinga mphepo ya mumsewu, ndipo ikakhala ndi chikuto imayamwa mphepo kudzera mu zisa zonse. Yokankha imaima panjira ya mphepo, ndipo mota yake imalandira mvula, matope ndi fumbi. Igwiritseni ntchito pokhapokha ngati kumbuyo kulibiretu malo, kapena ngati yothandizira fani ina.

Mphepo iyenera kuyenda kuchokera kutsogolo kwa galimoto kupita ku injini nthawi zonse. Fani imene ikuuzira chakutsogolo imalimbana ndi mphepo ya mumsewu, ndipo galimoto imatentha kwambiri mukamathamanga. Ena amaganiza kuti kusinthanitsa mawaya awiri a mota n'kokwanira kusandutsa fani yokankha kukhala yokoka. Mota imazunguliradi chobwerera, koma mapiko ake anapindidwira mbali imodzi, ndipo akamazungulira chammbuyo amatulutsa mphepo yochepa. Mafani ambiri ogulitsa paokha amafuna kuti mumasule mapiko, muwatembenuze, kenaka musinthe mawaya. Funsani wogulitsa ngati fani imeneyo imalola kutembenuzidwa.

Fani yochokera pa galimoto ina kapena yatsopano ya m'katoni

Malangizo athu ndi akuti muyambe mwafunafuna fani yochotsedwa pa galimoto ina, imene ikubwera ndi chikuto chake. Kwa ogulitsa masipeyala ogwirapo kale ntchito ku Biwi ku Lilongwe, ku Ndirande ndi ku Limbe, mafani a Toyota, Nissan, Mazda ndi Honda amapezeka. Mota zake zinapangidwa kuti zigwire ntchito zaka zambiri pamalo otentha, ndipo chikuto chimachititsa kuti mphepo idutse pa rediyeta yonse, osati pa bwalo la mapiko pokha. Pitani ndi miyeso yanu ija mukapeze chikuto chimene chikuyandikira kukula kwa rediyeta yanu. Musanalipire, pemphani kuti aiyese pa batire. Izungulire mwamphamvu, mopanda phokoso lokhulana. Gwedezani mapiko ndi dzanja itazima: akamasewera uku ndi uku, ma bearing atha. Mapiko ong'aluka kapena odukapo ndi okana, chifukwa amanjenjemeretsa fani mpaka kuthyola zomangira. Pemphaninso kuti akupatseni pulagi yake pamodzi ndi kachidutswa ka waya. Mafani ena a galimoto zatsopano amabwera ndi kabokosi kolamulidwa ndi kompyuta ya injini, ndipo amenewa savomera kulumikizidwa mwachidule. Sankhani ya mawaya awiri.

Mafani opyapyala a m'katoni ali ndi ubwino umodzi: amakwana pamalo opanikizika. Koma ambiri ndi ofooka, ndipo manambala olembedwa pakatoni si onse oona. Kuchuluka kwa mphepo kumalembedwa ndi zilembo za CFM. Mwachizolowezi, injini ya masilinda 4 imafuna CFM yoyambira 1,250, ya masilinda 6 pafupifupi 2,000, ndipo injini ya dizilo yosenza katundu kumalo otentha ngati kuno imafuna yoposa pamenepo. Nambala yovuta kunamizira ndi ya mphamvu ya mota. Fani ya mawati 80 imakoka ma amp pafupifupi 7, ndipo singakhale yokha pa injini ya dizilo ya minibasi. Ya mawati 120 imakoka ma amp 10. Mafani amphamvu amakoka 15 mpaka 20. Katoni ikamalonjeza mphepo yochuluka zedi kuchokera ku mota yaing'ono yopepuka m'manja, ikayikireni.

Onaninso mavoti. Galimoto zazing'ono ndi ma pickup zimayendera mavoti 12, koma malole ambiri ang'onoang'ono monga Mitsubishi Canter ndi Isuzu Elf amayendera 24. Fani ya 12 ikalumikizidwa ku 24 imapsa msanga, ndipo ya 24 ikapatsidwa 12 imangozungulira mwaulesi. Relay, imene tifotokoze pa nkhani ya mawaya, nayonso iyenera kukhala ya mavoti omwewo.

Funso lomaliza musanagule ndi la alternator. Magetsi onse amene fani ikudya amachokera kumeneko, ndipo fani imawafuna kwambiri pamene injini ikulira pang'onopang'ono, nthawi imene alternator imatulutsa ochepa. Wamagetsi a galimoto ayeze batire injini ikulira, nyale zonse ndi fani zitayaka. Pa galimoto ya mavoti 12, mavoti asatsike pansi pa 13. Akamatsika, mudzayamba kukankha galimoto m'mawa.

Kumanga fani pa rediyeta

Mafani a m'katoni amabwera ndi tizingwe tapulasitiki tobaya kudutsa mu zisa za rediyeta. Musativomere. Kulemera konse kwa fani kumakhala pa timapayipi topyapyala todutsa madzi, ndipo m'misewu yathu timapayipi timeneti timakhulika mpaka kudontha. Pitani kwa owotcherera akupangireni mabulaketi a chitsulo chafulati, omangirira m'mafelemu a m'mbali mwa rediyeta kapena m'mabowo momwe munkamangidwa chikuto chakale. Powotcherera, mabulaketi akhale kutali ndi rediyeta, ndipo ngati pakufunika kuwotcherera pa galimoto penipeni, batire lichotsedwe kaye kuti kompyuta ya injini ndi alternator zisapse. Pa bawuti iliyonse ikani washala wa mphira ndi nati yosamasuka yokha.

Chikuto chigwirane ndi rediyeta mbali zonse. Mphepo imadutsa pamene pali pophweka, choncho pakakhala mpata m'mphepete, fani imayamwa mphepo yotentha ya mu injini kudzera pampatawo m'malo moikoka kudutsa mu zisa. Tsekani mipata ndi mphira wa chubu chakale kapena siponji yolimba. Ngati fani yanu ilibe chikuto, iyandikire kwambiri zisa, koma mapiko asakhudze, ndipo muiike chakumbali kumene madzi otentha amalowera, pafupi ndi payipi ya pamwamba. Mmisiri wa malata akhoza kukupangirani chikuto chosavuta. Chisakhale chophwatalala chogundana ndi zisa, chifukwa chidzatchinga mphepo mukamathamanga. Chisiye mpata wa masentimita awiri kapena atatu m'kati.

Musaiwale kutsogolo. Mipata ya pakati pa rediyeta ndi thupi la galimoto, imene imasiyidwa rediyeta ikasunthidwa, itsekedwenso, kuti mphepo yolowa pa bampala isathawire m'mbali.

Mawaya: apa m'pamene galimoto zimapsera

Fani imadya magetsi ambiri, ndipo ikamayamba kuzungulira imakoka kuwirikiza kawiri kapena katatu kwa kanthawi kochepa. N'chifukwa chake siyenera kutengera magetsi pa waya wa kiyi, wa wailesi kapena wa nyale. Mawaya amenewo ndi aang'ono, amatentha, kusungunuka, n'kuyatsa moto kuseri kwa dashibodi. Pamafunika zinthu zinayi: fyuzi, relay, swichi yomva kutentha, ndi waya wokhuthala.

Relay wamba ya ma amp 30 kapena 40 ili ndi miyendo yolembedwa manambala. Mwendo wa 30 umalandira waya wokhuthala kuchokera ku mutu wa + wa batire, kudzera pa fyuzi. Mwendo wa 87 umapititsa magetsiwo ku fani. Waya wachiwiri wa fani umamangidwa pa thupi la galimoto, pamalo opalidwa penti mpaka chitsulo chiwale, kapena kubwerera ku mutu wa − wa batire. Miyendo ya 85 ndi 86 ndi yongolamula, ndipo imagwiritsa ntchito waya waung'ono: 86 imatenga magetsi pa waya umene umakhala ndi moto kiyi akatsegulidwa, pamene 85 imapita ku swichi yomva kutentha, swichiyo n'kupita ku thupi la galimoto. Madzi akatentha, swichi imalumikiza njira ya magetsi, relay imagwira, fani n'kuyaka.

Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, mkati mwa masentimita 20 kapena 30, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza waya wonse ukakhudzana ndi chitsulo. Fani yokoka ma amp 10 imafuna fyuzi ya 20, yokoka 15 mpaka 20 imafuna ya 30. Waya wa fani yaing'ono ukhale wa 2.5 mm², wa fani yamphamvu 4 mm². Waya wa m'nyumba wa chingwe chimodzi cholimba sugwira ntchito pa galimoto, umathyoka ndi kugwedezeka. Mafani akakhala awiri, iliyonse ikhale ndi fyuzi ndi relay yake, kuti imodzi ikafa, inayo ikufikitseni kunyumba.

Fyuzi ikamapsa mobwerezabwereza, ikukuuzani kuti pali vuto. Musalowetsepo waya kapena pepala lasiliva la ndudu. Mawaya adutse kutali ndi ekizozi, lamba ndi mapiko a fani, akulungidwe m'payipi yake yapulasitiki, ndipo podutsa pa bowo la chitsulo pakhale mphira. Polumikiza pafinyidwe ndi ma terminal kapena pawotcheredwe ndi mtovu. Kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi sikukhalitsa pamalo otentha. Relay imangidwe miyendo itayang'ana pansi kuti madzi asalowemo.

Swichi yomva kutentha, ndi chizolowezi cha dairekiti

M'magalaja ambiri mudzamva kuti, "Bwana, tingoipanga dairekiti, izizungulira mukangotsegula kiyi." Ena amawonjezera kuti achotsenso thermostat chifukwa kuno n'kotentha. Zonse ziwirizi zikaneni.

Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito madzi ali pakati pa madigiri 80 ndi 95. Thermostat ya injini zambiri za Toyota imayamba kutseguka pa madigiri 82. Ikachotsedwa, injini imachedwa kufunda m'mawa, makamaka mu June ndi July kapena mukakwera ku Tsangano ndi Dedza. Injini yozizira imamwa mafuta ambiri, kompyuta yake imapitiriza kuthira petulo wowonjezera poganiza kuti sinafunde, ndipo mapisitoni ndi maringi zimatha msanga. Pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini. Ikachotsedwa, madzi ena amangozungulira momwemo osapita ku rediyeta, ndipo injini imatenthabe. Thermostat yowonongeka ilowedwe m'malo ndi ina. Mukhoza kuiyesa poiika mumphika wa madzi ali pamoto: iyenera kutseguka madzi asanawire.

Fani ya dairekiti imazungulira ngakhale pamene sikufunika, imatopetsa alternator, imalanda batire mphamvu pa nthawi yoliza injini, ndipo mota yake imatha msanga. Tsiku limene idzafe simudzadziwa, chifukwa khutu linazolowera kale. Swichi ya pamanja yokha nayonso ndi yoopsa. Woyendetsa amaiwala, kapena galimoto amabwereka mlamu amene sakuidziwa, ndipo mphindi zochepa zokha n'zokwanira kupinda hedi.

Swichi yomva kutentha iyenera kuyatsa fani pa madigiri okwera kuposa a thermostat. Ngati thermostat ndi ya 82, swichi yoyatsa cha pa 92 mpaka 95 n'kuzimitsa cha pa 87 ndi yabwino ikakhala pa payipi ya pamwamba, pamene madzi akutuluka mu injini. Ikakhala pa tanki ya pansi, pamene madzi azizirako kale, sankhani ya manambala otsikirako, cha m'ma 85 mpaka 88. Manambalawa amadindidwa pa swichiyo. Ngati pa rediyeta kapena pa injini palibe bowo lake, pali kapayipi kachitsulo kamene kamalowetsedwa pakati pa payipi yamphira itadulidwa. Yezani kukula kwa payipi yanu musanakagule. Swichi ya mwendo umodzi imadalira chitsulo chimene yakulungidwapo kuti magetsi abwerere, choncho kapayipi kameneka kamafuna waya wake wopita ku thupi la galimoto, popeza mphira sudutsa magetsi. Swichi ya miyendo iwiri ilibe vuto limeneli.

Samalani ndi maswichi a Toyota zakale, monga Corolla za m'ma 1990. Ambiri amagwira ntchito mosemphana: amalumikiza magetsi injini ikazizira, n'kuwadula ikatentha, ndipo amayendera limodzi ndi relay yawoyawo. Toyota inachita dala kuti waya akaduka fani izingozungulira. Mukaphatikiza swichi yotere ndi relay wamba ya miyendo inayi, fani idzayaka injini ikazizira n'kuzima ikatentha. Wamagetsi ayese swichi ndi mita asanaimange. Pa injini zatsopanopo, ngati 1NZ-FE, kompyuta ndiyo imalamula fani. Ngati kompyuta ndi mawaya ake zabwera pamodzi ndi injini, njira yabwino ndi kulumikiza relay ku waya wa kompyuta wolamula fani.

Swichi ya pamanja ili ndi malo ake ngati yothandizira. Ilumikizidwe pambali pa swichi yomva kutentha, kuchokera pa mwendo wa 85 kupita ku thupi la galimoto, kuti muzitha kuyatsa fani nokha ngati inayo yafa muli panjira. Ikhale yotha kuyatsa kokha, isakhale yotha kuzimitsa. Ngati galimoto ili ndi AC yogwira ntchito, uzani wamagetsi kuti fani iziyakanso AC ikayatsidwa.

Kuyesa musanachoke pa galaja

Musalipire ndalama yomaliza musanaone ndi maso anu. Choyamba, mpweya utulutsidwe m'madzi. Injini ikasinthidwa, mpweya umatsekeredwa m'mapayipi, ndipo swichi imene yazingidwa ndi mpweya m'malo mwa madzi simva kutentha. Imikani galimoto kutsogolo kutakwera, tsegulani chivundikiro cha rediyeta injini ili yozizira, tsegulani hita mpaka kumapeto, lizani injini, n'kumawonjezera madzi mpaka thovu litasiya kutuluka. Kenaka tsekani.

Siyani injini ilire galimoto itaima. Payipi ya pamwamba idzatentha thermostat ikatseguka. Patapita nthawi fani iyenera kuyaka yokha, geji isanapitirire pakati, kuzungulira kwa mphindi imodzi kapena zingapo, n'kuzima yokha. Dikirani ichite zimenezi kawiri kapena katatu. Ikayaka, ikani pepala kutsogolo kwa rediyeta: liyenera kumamatira. Likauluzika kubwerera kwa inu, fani ikuzungulira molakwika. Gwirani fyuzi ndi waya wokhuthala uja: kufunda pang'ono si vuto, koma kuotcha dzanja kukusonyeza kuti waya ndi waung'ono kapena polumikiza sipanagwire. Fani ikayaka osazimanso pamene galimoto yangoima pamthunzi, ndiye kuti ndi yofooka, kapena swichi ndi ya manambala otsika kwambiri.

Mukatero yendani ulendo waufupi ndi makaniko, mutanyamula katundu amene mumanyamula masiku onse, masana dzuwa lili paliwombo. Mukabwerako, onani mabawuti, mipata ndi podontha.

Kusamala tsiku ndi tsiku

Fani yamagetsi imayaka popanda chenjezo, ndipo pa galimoto zina imayaka ngakhale injini itazima. Musalowetse dzanja, nsalu kapena sipanala pafupi ndi mapiko musanachotse waya wa − pa batire. Ana asamasewere pafupi boneti ikatsegulidwa. Chivundikiro cha rediyeta chisatsegulidwe injini ili yotentha, chifukwa madzi ake amakhala opanikizika ndipo amathovokera kumaso. Chivundikirochi chimalembedwa 0.9 kapena 1.1, ndipo kupanikiza kumeneku n'kumene kumachititsa kuti madzi asawire pa madigiri 100. Mphira wake ukatha, galimoto imataya madzi ngakhale fani ili bwino.

Madzi a pamjigo ndi a pachitsime amasiya mchere ndi dzimbiri m'timapayipi ta rediyeta. Thirani coolant wosakaniza monga mwalembedwera pabotolo, ndipo posakaniza gwiritsani ntchito madzi a batire ogula kapena a mvula osefa bwino. M'nyengo yokolola, mankhusu, udzu ndi tizilombo zimatseka zisa kutsogolo. Zitsukeni ndi madzi osathamanga kwambiri kuchokera mbali ya injini kupita kunja, osakanda ndi waya. M'nyengo ya mvula, mukafuna kuwoloka madzi ofika pa bampala, imani kaye injini izizire, chifukwa mapiko apulasitiki akamenya madzi akuzungulira amapindika n'kudula rediyeta.

M'galimoto muzisunga fyuzi ziwiri, relay imodzi ndi kachidutswa ka waya. Geji ikakwera muli panjira ndipo fani sikuyaka, imani pambali, zimitsani injini, yang'anani fyuzi, kenaka sinthani relay. Zikakanika, yatsani swichi yothandizira ija. Hita yotsegulidwa mpaka kumapeto imachotsako kutentha kwina ndipo ikhoza kukuthandizani kufika pa malo a chithandizo. Musathire madzi ozizira mu injini imene yawira, dikirani izizire.

Pomaliza, nambala ya injini imalembedwa m'mapepala a galimoto. Mukasintha injini, sungani lisiti yosonyeza kumene munaigula ndi nambala yake, ndipo pitani ku Directorate of Road Traffic and Safety Services kuti mapepala akonzedwe nthawi ya COF isanakwane. Dziwitsaninso kampani yanu ya inshuwalansi. Popita kukatenga galimoto ku galaja, nyamulani kabuku kano, ndipo pemphani makaniko akulozereni ndi chala pamene pali fyuzi, relay ndi swichi yomva kutentha. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, galimoto isatuluke.